Transaction yodikira malipiro: lipoti la kukonza pulogalamu ya maoda ndi TransactionTemplate

Pulogalamu yomwe lipotili likunena ndi yolandira maoda a katundu kudzera pa intaneti. Inalembedwa mu Java ndi Spring Boot, imasunga zinthu mu PostgreSQL kudzera mu JdbcTemplate, ndipo ma connection ake amasamalidwa ndi HikariCP, imene Spring Boot imaika yokha kuyambira pa 2.0. Makonzedwe a HikariCP sanasinthidwe, choncho pool (nkhokwe ya ma connection opita ku database imene mapempho onse amagawana) inali ndi ma connection 10, ndipo pempho losowa connection linkadikira masekondi 30 lisanalephere.

Ntchito yonse yolandira oda inali mu method imodzi:

```java
@Transactional
public Oda landiraOda(Pempho p) throws IOException {
    katundu.chotsa(p.chinthu(), p.chiwerengero());
    Oda oda = maoda.lemba(p);
    Yankho yankho = malipiro.lipiritsa(oda);
    maoda.sintha(oda, yankho);
    imelo.tumizaChitsimikizo(oda);
    return oda;
}
```

@Transactional imauza Spring kuti itenge connection mu pool method isanayambe, itsegule transaction (gulu la ntchito za database zimene zimatheka zonse pamodzi kapena kufafanizidwa zonse), kenako ichite commit, kutanthauza kusunga zosinthazo, method ikatha. Munthu powerenga mizere imeneyi sangaone cholakwika, chifukwa ntchito ikuyenda mwandondomeko. Koma mzere wachitatu sukuyankhula ndi database, ukuyankhula ndi seva ya kampani ya malipiro kudzera pa HTTP, ndipo wachisanu ukuyankhula ndi seva ya imelo. Nthawi yonse imene awiriwa akudikira yankho, connection ikadali m'manja ndipo mzere wa m'tebulo la katundu umene wasinthidwa ukadali wotsekedwa ndi lock, moti wina sangausinthe.

Mmene vuto linaonekera

Kampani ya malipiro ikamayankha msanga, zonse zinkayenda. Ikangoyamba kuchedwa, pulogalamu yonse inkaima, ngakhale masamba ongoonetsa mndandanda wa katundu amene sakhudzana ndi malipiro. Mu log munkadzaza uthenga wa HikariCP wakuti "Connection is not available, request timed out after 30000ms". Chomwe chinkasokoneza mitu n'chakuti seva ya database inali phee, CPU yake isakugwira ntchito yambiri.

Funso limene linaulula zonse ndi ili:

```sql
SELECT pid, state, wait_event_type, now() - xact_start AS nthawi,
       pg_blocking_pids(pid) AS otsekereza, query
FROM pg_stat_activity
WHERE xact_start IS NOT NULL
ORDER BY xact_start;
```

Ma connection onse 10 anali otanganidwa, koma m'magulu awiri. Ena anali pa `idle in transaction`, kutanthauza kuti transaction ndi yotsegula koma database ilibe chochita, ikungodikira pulogalamu. Enawo anali ndi `Lock` pa `wait_event_type`, akudikira mzere wa katundu umene anzawo a gulu loyamba anali atagwira. Masamu ake ndi osavuta. Tiyerekeze kuti malipiro akutenga masekondi 8: ma connection 10 sangapitirire maoda 75 pa mphindi. Ngati makasitomala ambiri akufuna chinthu chimodzimodzi, lock ya mzere umodzi uja imawaika pandandanda, oda imodzi pa masekondi 8 aliwonse, osafika ngakhale maoda 8 pa mphindi, ndipo aliyense wodikira wagwiranso connection yake.

Panalinso vuto lachiwiri, loopsa kuposa kuchedwa. Seva ya imelo ikakana, Spring imaponya MailException, yomwe ndi RuntimeException, ndipo @Transactional imachita rollback. Oda imafafanizika, katundu amabwerera, koma ndalama za kasitomala zapita kale, chifukwa rollback ilibe mphamvu pa seva ya kampani ina. Mbali inayi nayo inali ndi msampha wake: `lipiritsa` ikaponya IOException, @Transactional imachita commit, chifukwa ikakhala yosasinthidwa imachita rollback pa RuntimeException ndi Error zokha, osati pa checked exception ngati IOException. Zotsatira zake, katundu wachotsedwa, oda yalembedwa, koma palibe akudziwa ngati yalipiridwa.

Njira ziwiri zomwe sizinathandize

Kukulitsa pool kumangochedwetsa tsiku la vuto. PostgreSQL imabwera ndi `max_connections` ya 100, ndipo ma seva angapo a pulogalamu amagawana chiwerengero chomwecho. Komanso lock ya mzere sitengera kukula kwa pool: ma connection 50 odikira mzere umodzi sapambana ma connection 10.

Njira yachiwiri inali kugawa method ija pawiri m'kalasi yomweyo, iliyonse ndi @Transactional yake, n'kuchotsa ya pamwamba. Izi zimaoneka zanzeru koma sizigwira ntchito. Spring imatsegula transaction kudzera mu proxy imene imaima pakati pa woitana ndi kalasi yeniyeni. Method ikaitana inzake ya m'kalasi yomweyo, sidutsa pa proxy, ndiye kuti palibe transaction imene yatsegulidwa. SQL iliyonse imadzichitira commit payokha. Choipa n'chakuti palibe uthenga uliwonse wochenjeza, ndipo mayeso wamba amadutsa bwinobwino mpaka tsiku limene INSERT ya oda idzalephere katundu atachotsedwa kale. N'zotheka kusamutsira ma method amenewo m'kalasi ina kuti proxy igwire ntchito, koma pamenepo malire a transaction amamwazika m'mafayilo angapo, ndipo wowerenga `landiraOda` sangaone pamene transaction ikuyambira ndi pamene ikuthera. Pa ntchito yokhudza ndalama za anthu, malirewo ayenera kuoneka ndi maso pamalo amodzi.

Kukonza ndi callback

TransactionTemplate imalandira callback (kachidutswa ka code kamene kamaperekedwa kuti kayendetsedwe), imatsegula transaction, imayendetsa zomwe zili mu callback, kenako imachita commit kapena rollback. Spring Boot imapanga yokha TransactionTemplate pakakhala PlatformTransactionManager imodzi, choncho imangolandiridwa mu constructor. Mu code ili m'munsiyi dzina lake ndi `tx`.

```java
public Oda landiraOda(Pempho p) {
    Oda oda = tx.execute(status -> {
        int mizere = katundu.chotsaNgatiAlipo(p.chinthu(), p.chiwerengero());
        if (mizere == 0) throw new KatunduWatha(p.chinthu());
        return maoda.lemba(p, IKUDIKIRA_MALIPIRO);
    });

    Yankho yankho = malipiro.lipiritsa(oda.nambala(), oda.ndalama());

    return tx.execute(status -> maliza(oda.nambala(), yankho));
}
```

Tsopano pali ma transaction awiri afupiafupi, ndipo pakati pawo, pamene pulogalamu ikudikira kampani ya malipiro, connection yabwerera mu pool ndipo palibe mzere wotsekedwa. Lamulo limene linatsatidwa posankha cholowa mu callback ndi ili: chilichonse cha m'katimo chikhoza kufafanizidwa ndi rollback, ndipo chikhoza kuyendetsedwa kawiri. Chinthu chimene sichingabwezedwe, monga kutapa ndalama kapena kutumiza imelo, chikhale kunja.

SQL yochotsa katundu inasinthidwanso kuti kufufuza ndi kuchotsa kuchitike limodzi:

```sql
UPDATE katundu SET otsala = otsala - ?
WHERE id = ? AND otsala >= ?
```

Pa READ COMMITTED, yomwe ndi isolation imene PostgreSQL imayambira, UPDATE ikadikira lock ya mnzake imaunikanso WHERE pa mzere watsopano lock ija ikamasuka. Choncho anthu awiri sangagule chinthu chomaliza onse awiri. Wachiwiri amapeza mizere 0 ndipo callback imaponya KatunduWatha. Kuyamba ndi SELECT, kuwerengera mu Java, n'kudzalemba pambuyo pake, kumasiya mpata woti wina alowerere pakati.

Kugawa transaction kuli ndi mtengo wake, ndipo mtengowo suyenera kubisidwa. Seva ikhoza kuzima pakati pa ma callback awiriwa, oda n'kutsala pa IKUDIKIRA_MALIPIRO katundu atasungidwa kale. Pachifukwa ichi panaikidwa ntchito yoyenda mphindi iliyonse imene imafufuza maoda amene akhala pamenepo kuposa mphindi 15, n'kufunsa kampani ya malipiro mmene zinathera. Nambala ya oda ndi imene imatumizidwa ngati idempotency key, kuti pempho lomwelo likapita kawiri ndalama zisatapidwe kawiri. Poti ma seva ndi angapo, ntchitoyi imatenga maoda ndi `FOR UPDATE SKIP LOCKED`, imene inabwera mu PostgreSQL 9.5, n'kuwalemba chizindikiro chakuti atengedwa mu transaction yaifupi, kenako n'kufunsa kunja kwa transaction. Nayo `maliza`, method yotsiriza oda yankho la malipiro likabwera, imasintha oda pokhapokha ngati ikadali pa IKUDIKIRA_MALIPIRO, ndipo imaona chiwerengero cha mizere yosinthidwa isanabweze katundu wa oda yokanidwa. Popanda izi, pempho lochedwa ndi ntchito yofufuza zikhoza kumaliza oda imodzi zonse ziwiri, katundu n'kubwezedwa kawiri.

Exception m'kati mwa callback

Apa ndi pamene anthu ambiri ozolowera @Transactional amapunthwa. `execute` imachita rollback pa RuntimeException ndi Error, n'kuziponyanso kwa woitana. Checked exception siingatuluke mwachindunji, chifukwa `doInTransaction`, method ya callback, sinalembedwe kuti iziponya, ndiye compiler imakakamiza kuti igwidwe m'kati. Wolemba code wothamanga amaigwira, n'kuilemba mu log, n'kubweza `null`. Kwa TransactionTemplate, callback imeneyo yatha bwino, ndipo commit imachitika pa ntchito yosamaliza. Pali njira ziwiri zolondola: kuikulunga mu RuntimeException n'kuiponyanso, kapena kuitana `status.setRollbackOnly()`.

Yachiwiriyi ili ndi khalidwe loyenera kulidziwa. Callback ikakhala kuti ndi imene inatsegula transaction, `setRollbackOnly()` imachititsa rollback mwakachetechete, ndipo `execute` imabweza chomwe callback yabweza popanda exception iliyonse. Ngati callback yabweza Oda, woitana angaganize kuti odayo ili mu database pamene kulibe. M'pulogalamuyi munagwirizanidwa kuti kulephera kulikonse kuzituluka ngati exception, ndipo `setRollbackOnly()` isagwiritsidwe ntchito mu callback yobweza chinthu.

PostgreSQL imawonjezera lamulo lake. SQL imodzi ikalephera m'kati mwa transaction, transaction yonse imaonongeka. Panali code imene inkayesa INSERT, n'kugwira DuplicateKeyException yochokera ku SQLSTATE 23505, n'kupitiriza ndi UPDATE mu callback yomweyo. UPDATE ija inkakanidwa ndi 25P02, ndi uthenga wakuti "current transaction is aborted, commands ignored until end of transaction block". Ngakhale kutumiza COMMIT pa transaction yotere, seva imachita ROLLBACK. Amene anazolowera MySQL amadabwa nazo, chifukwa kumeneko kulephera kwa mtundu umenewu kumangobweza SQL imodziyo. Mankhwala ake anali `INSERT ... ON CONFLICT DO NOTHING`, kuti pasakhale kulephera n'komwe. Pamene izi sizingatheke, PROPAGATION_NESTED imaika savepoint (chizindikiro cha pakati pa transaction), ndipo rollback imangofika pa savepoint pomwepo, transaction yaikulu n'kupitirira.

Callback ikalowa mu transaction ya wina

TransactionTemplate imayamba ndi PROPAGATION_REQUIRED: ikapeza transaction yotsegula kale pa thread yomweyo, imalowa m'menemo m'malo motsegula yake. Patapita nthawi, ntchito yolowetsa maoda ambiri kuchokera m'fayilo inayamba kuitana `landiraOda` kuchokera mu method yokhala ndi @Transactional. Ma callback awiri aja analowa mu transaction yaikuluyo, ndipo vuto loyamba linabwerera lonse, lokulirapo, chifukwa tsopano connection imodzi inkadikira malipiro a maoda onse a m'fayilo, itagwira mizere ya katundu wambiri.

Chomwe chinaulula nkhaniyi ndi exception ina. Oda imodzi ikaponya KatunduWatha, ntchito ya fayilo inkaigwira n'kupitiriza ndi oda yotsatira. Koma callback yolowa mu transaction ya wina ikalephera, imaika chizindikiro cha rollback pa transaction yonse. Pofika pa commit, Spring inkaponya UnexpectedRollbackException ndi uthenga wakuti "Transaction rolled back because it has been marked as rollback-only", maoda onse n'kufafanizika, kuphatikizapo amene ndalama zawo zinali zitatapidwa.

Chitetezo chake ndi mizere iwiri pachiyambi pa method:

```java
if (TransactionSynchronizationManager.isActualTransactionActive())
    throw new IllegalStateException("landiraOda isaitanidwe m'kati mwa transaction");
```

Ena amaika `@Transactional(propagation = Propagation.NEVER)` m'malo mwake, ndipo imagwira ntchito bola kuitanako kudutse pa proxy. Kufufuza kwa m'katiku kunasankhidwa chifukwa sikudalira proxy.

Wina angaganize zoika REQUIRES_NEW pa ma callback onse kuti asalowe mwa wina. Izi zimafunika kusamala kwambiri. REQUIRES_NEW imaimika transaction yakunja, koma connection yake siibwerera mu pool. Yatsopanoyo imatenga connection yachiwiri. Ma thread 10 akagwira connection imodzi aliyense n'kufuna yachiwiri nthawi imodzi, pool ya 10 yatha, ndipo onse amadikirana mpaka masekondi 30 atakwana. Malangizo a HikariCP amapereka masamu opewera izi: kuchotsa 1 pa ma connection amene thread imodzi ingagwire nthawi imodzi, kuchulukitsa otsalawo ndi chiwerengero cha ma thread, kenako kuwonjezera 1. Kwa ma thread 10 ofuna awiriawiri, yankho ndi 11, ndipo chimenechi ndi chiwerengero chongoletsa kudikirana, osati chothamangitsa ntchito. Palinso choopsa china: transaction yatsopano ikafuna mzere umene yakunja yagwira, imadikira lock imene siidzamasuka, chifukwa yakunja ikudikira yam'kati mu Java. PostgreSQL siiona izi ngati deadlock, poti kwa iyo connection yakunja ingokhala `idle in transaction`. Popanda `lock_timeout` kapena malire ena a nthawi, thread imeneyo yaima basi.

REQUIRES_NEW inatsala pamalo amodzi okha, polemba mbiri ya zolephera mu tebulo lakelake limene transaction ina iliyonse silikhudza. Inapangidwira TransactionTemplate yakeyake. TransactionTemplate imodzi ikhoza kugwiritsidwa ntchito ndi ma thread ambiri popanda vuto, koma makonzedwe ake ndi ogawana, choncho kuitana `setPropagationBehavior` kapena `setIsolationLevel` pa imene aliyense akugwiritsa ntchito kumasinthira onse pamodzi. Makonzedwe osiyana amafuna template yosiyana, yopangidwa kamodzi pulogalamu ikamadzuka.

Spring imamangirira connection ya transaction ku thread kudzera mu ThreadLocal. `parallelStream()` kapena `CompletableFuture.supplyAsync` m'kati mwa callback imapereka ntchito ku ma thread ena, amene amatenga ma connection awo, saona zomwe callback yalemba chifukwa commit sinachitike, ndipo zomwe alemba sizibwerera rollback ikachitika. `parallelStream()` ndi yosokoneza kwambiri chifukwa gawo lina la ntchito limayenda pa thread yoitana, choncho mizere ina imakhala mu transaction, ina kunja.

Imelo ndi callback ya pambuyo pa commit

Imelo iyenera kupita commit ikatheka basi. Method ikakhala ndi chitsimikizo chakuti ndi imene inatsegula transaction, n'zokwanira kutumiza `execute` ikangobwerera. Koma `maliza` imaitanidwa kuchokera m'malo awiri, choncho poyamba inalembetsa callback ina:

```java
TransactionSynchronizationManager.registerSynchronization(
    new TransactionSynchronization() {
        @Override public void afterCommit() {
            imelo.tumizaChitsimikizo(nambala);
        }
    });
```

@TransactionalEventListener, imene inabwera mu Spring 4.2, imachita zofanana, ndipo mu Django ntchitoyi imagwiridwa ndi `transaction.on_commit`. Njirayi inathetsa vuto la imelo yotsimikizira oda imene yafafanizika, koma `afterCommit` ili ndi malamulo atatu amene anachititsa kuti isiyidwe pa ntchito imeneyi.

Pa nthawi imene `afterCommit` ikuyenda, ma lock amasuka koma connection siinabwerere mu pool. Spring imaibweza ma callback onse akatha. Seva ya imelo ikachedwa, pool imathanso ngati kale, kungoti tsopano `pg_stat_activity` imaonetsa `idle` chabe, zomwe zimavuta kuzizindikira. Chachiwiri, SQL yolembedwa mu `afterCommit` imadutsa pa connection yomwe ija, koma palibenso commit imene ikubwera. Panali UPDATE yolemba kuti imelo yatumizidwa, ndipo sinkaponya exception iliyonse, koma sinali yodalirika. Zolemba za Spring zimanena momveka kuti kulemba kulikonse pamenepa kumafuna REQUIRES_NEW. Chachitatu, exception yotuluka mu `afterCommit` imafika kwa woitana ngakhale commit yatheka kale, ndiye kasitomala amauzidwa kuti zalephera pamene oda yake yalipiridwa. Ndipo seva ikazima commit itangotha, imelo ija yatayika, palibe kulikonse kumene kwalembedwa kuti inayenera kupita.

Chifukwa cha zimenezi panapangidwa tebulo la mauthenga oyenera kutumizidwa, limene ambiri amalitcha outbox. `maliza` imalemba mzere mu tebulolo m'kati mwa callback yomweyo imene ikusintha oda, choncho ziwirizi zimatheka limodzi kapena kulephera limodzi. Ntchito ina imawerenga tebulolo, kutumiza, n'kulemba kuti zapita. Seva ikazima imelo itapita koma chizindikiro chisanalembedwe, kasitomala amalandira imelo kawiri. Zimenezi zinavomerezedwa mwadala, chifukwa imelo yobwerezedwa ndi yopepuka poyerekeza ndi yosafika. `afterCommit` inatsalira pa ntchito zofulumira zimene sizipweteka zikatayika, monga kufufuta cache ya m'pulogalamu.

Deadlock ndi kubwereza

Maoda okhala ndi zinthu zingapo atayamba kulandiridwa, kunabuka SQLSTATE 40P01, nambala imene PostgreSQL imapereka pa deadlock. Oda yoyamba imagwira mzere wa chinthu A n'kufuna B, yachiwiri yagwira B ikufuna A. PostgreSQL imadikira `deadlock_timeout`, yomwe imayambira pa sekondi 1, kenako imafufuza n'kuthetsa transaction imodzi. Kukonza kwenikweni kunali kusanja zinthu motsatira `id` callback isanayambe kuzichotsa, kuti aliyense azigwira mizere m'ndondomeko imodzi. Kubwereza kunaikidwa ngati chitetezo chowonjezera:

```java
for (int ulendo = 1; ; ulendo++) {
    try {
        return tx.execute(status -> sungaKatundu(p));
    } catch (ConcurrencyFailureException e) {
        if (ulendo == 3) throw e;
        dikiraPangono(ulendo);
    }
}
```

`try` ili kunja kwa `execute`, osati m'kati. Transaction yothetsedwa ndi deadlock siingapitirizidwe, iyenera kuyambidwanso yonse. N'chimodzimodzi ndi 40001, nambala ya ma transaction osemphana, imene imabwera pa REPEATABLE READ ndi SERIALIZABLE. ConcurrencyFailureException ndi kholo la ma exception amene Spring imaponya pa zolephera ziwirizi, choncho kuigwira kumakwanira onse. Kudikira kumakula ulendo uliwonse ndipo kumaikidwa kanthawi kosasankha pamwamba, kuti awiri omwe aja asagundanenso nthawi yomweyo.

Kubwereza kumafuna callback yaukhondo. Panali mndandanda wopangidwa kunja kwa callback umene callback inkaikamo zinthu zosungidwa. Rollback inafafaniza za mu database koma mndandanda wa mu Java unatsala ndi za ulendo woyamba, ulendo wachiwiri n'kuwonjezeranso, ndalama za oda n'kuwerengedwa kawiri. Chilichonse chimene callback imasintha chiyenera kupangidwa m'kati mwake n'kutuluka kudzera mu `return`, ndipo zimene ikudalira iziwerenge yokha mu database ulendo uliwonse.

Malire a nthawi ndi mayeso

`tx.setTimeout(5)` inaikidwa, koma ndi bwino kudziwa zomwe imachita. JdbcTemplate imatenga nthawi yotsala n'kuiika ngati malire a SQL iliyonse, ndipo nthawi ikatha kale SQL yotsatira imaponya TransactionTimedOutException. Siidula code ya Java imene ikudikira HTTP. Wina akadzabwezeretsa kuitana kwa kunja mu callback, chomugwira ndi `idle_in_transaction_session_timeout` ya PostgreSQL, imene inabwera mu 9.6 ndipo imayamba yozimitsa. Inaikidwa pa masekondi 10 pa role ya pulogalamuyi yokha, kuti isasokoneze anthu ogwira ntchito ndi database pamanja. Malirewa amatetezanso VACUUM, ntchito ya PostgreSQL yoyeretsa matebulo, imene siingachotse mizere yakufa imene transaction yakale yosatsekedwa ikhoza kuifunabe. `leakDetectionThreshold` ya HikariCP, yomwe nayo imayamba yozimitsa, inaikidwa pa 5000, kuti connection ikakhala kunja kwa pool kuposa masekondi 5 log ionetse mzere wa code umene unaitenga.

Mayeso akale anali ndi @Transactional pa kalasi yoyesa. Zikatero mayeso aliwonse amayenda mu transaction yakeyake imodzi imene imathera pa rollback: ma callback amalowa m'menemo, commit sichitika, `afterCommit` siitanidwa, ndipo mavuto ambiri a m'lipotili sangaoneke. Mayeso atsopano amayenda pa PostgreSQL yeniyeni kudzera mu Testcontainers, popanda @Transactional, ndipo amafufuta matebulo okha akatha. Database ya m'memory siyokwanira pano, chifukwa khalidwe la 25P02 ndi la ma lock ndi la PostgreSQL. Log ya transaction manager ikaikidwa pa DEBUG imalemba "Creating new transaction" kapena "Participating in existing transaction" pa `execute` iliyonse, ndipo ndi njira yachidule yoonera ngati callback yatsegula yake kapena yalowa mwa wina. Mayeso ena amaika kampani ya malipiro yongoyerekeza imene imachedwa masekondi 8, kenako amatumiza maoda 30 nthawi imodzi n'kutsimikiza kuti tsamba la katundu likuyankhabe.

@Transactional sinachotsedwe m'pulogalamu yonse. Ma method amene ntchito yawo yonse ndi SQL anasiyidwa mmene analili, chifukwa kumeneko callback ingangowonjezera mizere. TransactionTemplate inaikidwa pamene method ikusakaniza database ndi chinthu chakunja, pamene pakufunika ma transaction angapo motsatizana, ndi pamene pali kubwereza.

Mbali yomaliza kukonzedwa inali yankho losadziwika. `lipiritsa` ili ndi malire a nthawi pa HTTP, ndipo malirewo akakwana sizitanthauza kuti malipiro akanidwa. Pempho likhoza kukhala kuti linafika, ndalama zinatapidwa, koma yankho linatayika m'njira. Code yoyamba inkatenga kutha kwa nthawi ngati kukana, n'kuitana callback yachiwiri kuti ibweze katundu. Tsopano `Yankho` ili ndi mayankho atatu: ZATHEKA, ZAKANIDWA ndi SIZIKUDZIWIKA. Pa yankho lachitatuli callback yachiwiri siitanidwa n'komwe. Oda imatsala pa IKUDIKIRA_MALIPIRO, kasitomala amauzidwa kuti malipiro ake akufufuzidwa ndipo asalipirenso, ndipo ntchito yofufuza ija ndi imene imafunsa kampani ya malipiro ndi nambala ya oda yomweyo n'kuitana `maliza` yankho lenileni likapezeka.